Tchuthi cha anthu awiri ku Bali: kodi crypto ingatilipirire zonse?

Bambo Chisale: Moni nonse pa gulu pano. Ine ndi mayi akunyumba tikukonzekera tchuthi cha masiku 12 ku Bali, ku Indonesia. Za crypto, ndalama za pa intaneti zija, ndangoyamba kumene, akaunti ndatsegula mwezi wathawu ndipo muli mitundu iwiri ya crypto, ma USDT ndi kachidutswa ka Bitcoin. Ndimaganiza zoti ndalama yonse ya ulendo ndiiponye m'menemo kuti tisamavutike ndi zosinthitsa. Inu odziwa, zitheka kodi? Hotela, chakudya, galimoto, zonse kulipira pa foni?

Mayi Tembo: Bambo Chisale, sizitheka, ndipo si kuti eni masitolo ndi amene safuna, ndi lamulo. Ku Indonesia lamulo nambala 7 la chaka cha 2011 limati malonda ochitikira m'dzikomo azilipidwa ndi rupiah, ndalama ya dzikolo. Wophwanya akhoza kukhala m'ndende mpaka chaka chimodzi komanso kulipira chindapusa chofika rupiah 200 miliyoni. Mu Meyi 2023 bwanamkubwa wa Bali, Wayan Koster, anachita kunena poyera kuti alendo olipira hotela, malo odyera kapena katundu ndi crypto adzaona zakuda, mpaka kuthamangitsidwa m'dziko. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti kukhala nayo crypto, kuigula ndi kuigulitsa n'kololedwa. Boma limaiona ngati katundu wochitira malonda, osati ndalama yogulira zinthu. N'chifukwa chake ku Canggu, dera lokonda kufikako alendo ku Bali, anthu amatha tsiku lonse akukamba za Bitcoin pa lesitilanti, koma bilu ikabwera aliyense amatulutsa khadi kapena rupiah.

Limbani: Nanga bwanji angofika n'kugulitsa ma USDT awo pa exchange ya komweko, msika wa pa intaneti wogulira ndi kugulitsira crypto? Kuli Indodax, kuli Tokocrypto.

Nangozo: Achimwene a Limbani, njira imeneyo ndi ya anthu okhala kumeneko. Ukagulitsa pa exchange ya ku Indonesia, rupiah zako zimatuluka kudzera ku akaunti ya banki ya m'dzikomo ya dzina lako. Mlendo wa masiku 12 alibe akaunti imeneyo. Ndiye ugulitsa bwinobwino, ndalama uziziona pa foni, koma m'manja mulibe kanthu.

Njira zenizeni zimene zatsala ndi zitatu. Yoyamba, kugulitsa crypto musananyamuke, ndalama ilowe ku banki yanu, kenako muziyenda ndi khadi wamba ya Visa kapena Mastercard. Yachiwiri ndi makhadi aja olumikizidwa ku akaunti ya crypto, amene amagulitsa USDT panthawi yomwe mwalipira, wa sitolo n'kulandira rupiah monga mwa masiku onse. Makhadi amenewa sapatsidwa kwa aliyense, zimatengera dziko limene mumakhala, ndipo makampani amatha kuwasiya mwadzidzidzi. Exchange ya Binance inatseka khadi yake ya ku Ulaya mu Disembala 2023. Yachitatu ndi kulipiriratu hotela ndi crypto pa masamba a pa intaneti olembetsera hotela ngati Travala mudakali kunyumba. Pamenepo werengani bwino za kubweza ndalama ngati ulendo walephereka, kuti adzakubwezerani mu chiyani komanso pa mtengo wa tsiku liti.

Kwa munthu woyamba kumene, ine ndingasankhe yoyambayo. Siyosangalatsa kuikamba kwa anzanu, koma ndi imene imagwira ntchito.

Bambo Chisale: Ndamva. Koma ndiye Bitcoin ndi USDT n'zosiyana bwanji pa nkhani ya ulendo? Ndimaona ngati zonse n'chimodzimodzi.

Kondwani: Zimasiyana kwambiri, bambo. Bitcoin mtengo wake sukhazikika. Mu Novembala 2021 inafika pafupifupi madola 69,000, pofika Novembala 2022 inali pansi pa madola 16,000. Kutsika ndi 10 pa 100 m'sabata imodzi si chachilendo n'komwe. Tiyerekeze mwasunga madola 2,000 a ulendo mu Bitcoin, sabata yonyamukira yatsika chonchi: madola 200 apita, ndiwo mausiku angapo a hotela amenewo. Ndalama yokhala ndi tsiku loigwiritsira ntchito siikidwa m'chinthu chovina.

USDT ya kampani ya Tether ndi USDC ya kampani ya Circle anazipanga kuti imodzi izikhala yofanana ndi dola imodzi ya America. Nthawi zambiri zimatero. Koma musamve ngati ndi dola yeniyeni ya kubanki. Mu Meyi 2022 ina yotchedwa TerraUSD, imene inkalonjezanso zomwezo, inagwa m'masiku ochepa n'kusanduka yopanda pake. Mu Malichi 2023 USDC inatsika kufika pafupifupi masenti 87 pamene Silicon Valley Bank, banki imene Circle inkasungitsako gawo la ndalama zake, inagwa, ngakhale inabwereranso patapita masiku. Ndipo ndalama ikakhala pa exchange, mwaisungitsa kwa munthu. Amene anali ndi ndalama ku exchange ya FTX mu Novembala 2022 anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti kutapa kwatsekedwa.

Gift: Inu mukuwaopseza bambowa. Ngati chimene akufuna n'kulawa kulipira ndi Bitcoin ali m'mbali mwa nyanja, malo ake alipo. Dziko la El Salvador linavomereza Bitcoin kukhala ndalama ya boma pa 7 Sepitembala 2021. Ku El Zonte, kagombe kaja amakatcha Bitcoin Beach, amalipira khofi ndi foni kudzera pa Lightning, njira yotumizira Bitcoin mwachangu, masekondi ochepa basi.

Mayi Tembo: Zoona a Gift, koma onjezerani kuti mu Januwale 2025 anasintha lamulolo atagwirizana ndi IMF za ngongole ya madola 1.4 biliyoni. Tsopano wamalonda sakakamizidwa kulandira Bitcoin, amalandira akafuna. Ndalama ya tsiku ndi tsiku kumeneko ndi dola ya America kuyambira 2001. Ku Thailand nakonso analetsa kulipira katundu ndi crypto kuyambira pa 1 Epulo 2022. Komanso anthuwa asankha kale Bali, tisawasinthire tchuthi chifukwa cha kapu ya khofi.

Nangozo: Ndibwerere pa chinthu chimene chimagwetsa anthu ambiri paulendo, ndipo si mtengo wa Bitcoin ayi. Ndi foni.

Mukafika pa bwalo la ndege la Ngurah Rai, chinthu choyamba ambiri amachita n'kugula SIM khadi ya komweko, yakunyumba n'kuiponya m'chikwama. Madzulo mukufuna kulowa pa exchange. Iyo yaona kuti mukulowera ku dziko lachilendo, ndiye ikutumiza nambala yotsimikizira pa SMS ku nambala yanu yakale ija, imene ili m'chikwama ndipo mwina roaming simunatsegule. Mwatsekeredwa kunja. Mukati musinthe nambala kapena mawu achinsinsi, ma exchange ambiri amayamba atseka kutulutsa ndalama kwa maola 24 kapena 48, poopa kuti mwina ndi wakuba. Ku banki nakonso zimachitika chimodzimodzi ndi nambala zotsimikizira malipiro a pa intaneti.

Ndiye kutatsala sabata ziwiri kuti munyamuke chitani izi. Chotsani SMS ngati njira yotsimikizira, muike app ngati Google Authenticator. Imeneyi imatulutsa manambala 6 osintha masekondi 30 aliwonse ndipo sifuna netiweki. Poikonza amakupatsani kiyi yaitali ya zilembo. Ilembeni papepala, chifukwa foni ikatayika ndi imene imabwezeretsa zonse. Onetsetsani kuti nthawi ya pafoni ikudzisintha yokha, chifukwa wotchi ikaphonya ngakhale ndi mphindi imodzi manambala aja amakanidwa, munthu n'kumaganiza kuti amubera. SIM yakunyumba isachoke m'foni. Ya ku Bali ilowe pa malo achiwiri kapena mugule eSIM, SIM yopanda kakhadi yongoikidwa m'foni kudzera pa intaneti. Ndipo uzani banki yanu masiku ndi dziko limene mukupita.

Sabata ziwiri ndanenazi n'zoti nthawi yotsekeredwa ija ikutherani mudakali pakhomo.

Thoko: Achemwali a Nangozo, nanga mawu 12 aja otsegulira waleti ya crypto? Ena amati uziyenda nawo.

Nangozo: Asayende nawo. Tiyambe talongosola, popeza bambo Chisale ndi atsopano. Ndalama ikakhala pa exchange, mawu amenewa mulibe. Mumalowa ndi imelo ndi mawu achinsinsi, makiyi ali ndi kampani. Mukatsegula waleti yanuyanu, kutanthauza chikwama cha crypto chimene makiyi ake muli nawo nokha, monga Trust Wallet kapena kachipangizo ka Ledger kapena Trezor, imakupatsani mawu achingerezi 12 kapena 24 otengedwa pa mndandanda wa mawu 2,048. Mawu amenewo ndiye ndalamayo. Aliyense wowaona akhoza kutsegula waleti yanu pa foni yake ali kutsidya la nyanja, n'kusesa zonse, ndipo palibe ofesi yokadandaulako.

Choncho osawajambula, osawatumiza pa WhatsApp ngakhale kwa mayi akunyumba, osawasunga mu imelo. Alembedwe papepala ndi cholembera, m'ndondomeko yake, pepalalo litsale kunyumba pamalo okhoma amene nonse awiri mukuwadziwa. Foni ikabedwa ku Bali ndalama sizinapite, bola foniyo inali yokhoma, mudzazipeza mukabwerera. Koma pepala likakhala m'chikwama chimodzi ndi pasipoti, wotenga chikwamacho watenga zonse.

Wina aliyense wokufunsani mawu amenewa ndi kathyali, ngakhale atadzitcha wothandiza makasitomala. Kampani yeniyeni siwafunsa.

Bambo Chisale: Ndinayesa kuona potumizira USDT, pakutuluka TRC20, ERC20, BEP20. Ndisankhe iti?

Kondwani: Apa ndiye pamene oyamba kumene amatayira ndalama. USDT ndi imodzi, koma misewu imene imayendamo ndi yosiyana. TRC20 ndi msewu wa Tron, adiresi yake imayamba ndi T. ERC20 ndi wa Ethereum, adiresi imayamba ndi 0x. BEP20 ndi wa BNB Chain, ndipo adiresi yake imayambanso ndi 0x, apa ndi pamene pali msampha: adiresi imaoneka yolondola, makina sakukanizani, koma ndalama yalowa msewu umene wolandirayo sakuyang'anako. Nthawi zina amatha kuibweza mutadikira milungu n'kulipira chaji, nthawi zina yapita basi.

Lamulo lake n'lakuti muyambire kwa wolandira. Tsegulani kumene ndalama ikupita, sankhani USDT, onani msewu umene akulandirira, kenako kotumizira musankhe womwewo ndendende. Adiresi musalembe pamanja. Mukaikopera, yerekezani zilembo 6 zoyambirira ndi 6 zomalizira, ndiponso zingapo zapakati. Chifukwa chake n'chakuti pali mavairasi osintha adiresi imene mwakopera, komanso akathyali amatumiza kandalama kakang'ono kuchokera ku adiresi yofanana ndi yanu kumayambiriro ndi kumapeto, kuti tsiku lina mudzaikopere mu mbiri ya zotumiza muli pachangu. Tumizani kaye madola 5 kapena 10, muone kuti afika, kenako zotsalazo. Chaji mulipira kawiri, koma ndi yochepa poyerekeza ndi kutaya zonse.

China chimene chimadabwitsa anthu: mu waleti yanuyanu, USDT siidzilipirira yokha ulendo. Pa Tron pamafunika ma TRX, pa Ethereum pamafunika ETH, ndalama za misewuyo zolipirira chaji. Munthu amakhala ndi madola 500 mu waleti koma osatha kutumiza ngakhale imodzi chifukwa TRX mulibe. Zili ngati galimoto yodzaza katundu yopanda mafuta. Ikanimo ochepa musananyamuke.

Bitcoin nayo si ya pachangu mukaitumiza pa msewu wake waukulu. Buloko iliyonse, kutanthauza gulu la zotumiza zotsimikizidwa pamodzi, imatenga pafupifupi mphindi 10, ndipo wolandira amatha kudikira mabuloko angapo asanavomereze.

Limbani: Pa Telegram pali magulu a anthu a ku Bali amene amati bwera ndi USDT tikupatse rupiah pamanja, mtengo wabwino kuposa kubanki.

Mayi Tembo: Amenewo asawayandikire n'komwe. Mukumana ndi munthu wosamudziwa, m'dziko la eni, iye akudziwa kuti m'foni mwanu muli ndalama yosabwezeka ikangotumizidwa. Mukatumiza kaye, akhoza kunyamuka. Akakupatsani kaye, mudziwa bwanji kuti m'mpukutumo mulibe zachinyengo? Ndipo zikavuta mukanena chiyani kupolisi, poti malondawo ndi a kuseri? Mtengo wokoma kuposa wa msika ndiyo nyambo yake.

Thoko: Ndiye ndalama ya m'manja azitenga kuti?

Mayi Tembo: Pa ATM kapena kwa osintha ndalama ovomerezeka. Ndifotokoze pang'ono chifukwa rupiah imazunguza mutu tsiku loyamba. Mu 2025 dola imodzi imagula rupiah zopitirira pang'ono 16,000, ndiye madola 100 okha akupangani mwini miliyoni. Pepala lalikulu kwambiri ndi la 100,000, lofiira, pali nkhope za Soekarno ndi Hatta, atsogoleri oyamba a dzikolo. La 50,000 ndi labuluu. La 10,000 ndi lapepo, ndipo madzulo kukada limafanana ndi la 100,000 lija. Owerenga ziro mothamanga amalipira kakhumi kuposa mtengo, kapena kulandira chenji choperewera.

Ma ATM ambiri ali ndi kachikwangwani konena kuti amatulutsa mapepala a 50,000 kapena a 100,000. Sankhani a 100,000, chifukwa makina amawerenga kuchuluka kwa mapepala: a 50,000 amathera cha pa 1,250,000 ulendo umodzi, a 100,000 amafika 2,500,000 kapena 3,000,000. Popeza banki yanu imadula chaji ulendo uliwonse, kutapa kamodzi kochuluka kumapulumutsa. Makina akafunsa ngati mukufuna akuwerengereni mu ndalama ya kwanu, kanani, sankhani rupiah. Akawerengera okha amaika mtengo wawo wokwera. Pa makina olipirira m'sitolo n'chimodzimodzi.

Ndipo ichi chilembeni penapake: ma ATM ambiri kumeneko amayamba atulutsa ndalama, khadi pambuyo. Munthu watenga mpukutu wake, akuwerenga, wanyamuka, khadi yatsala m'makina. Gwiritsani ntchito ATM ya m'kati mwa banki, masana, kuti ikameza khadi mupeze womufunsa.

Osintha ndalama, lowani okhawo okhala ndi ofesi yeniyeni ndi chizindikiro cha PVA Berizin, kutanthauza kuti ali ndi chilolezo cha Bank Indonesia. Timashopu ta m'tinjira tolemba mtengo wokwera kuposa ena onse timadyera pa liwiro la manja: akuwerengerani pamaso panu, n'kugwiranso mpukutuwo ngati akuukonza, mapepala angapo n'kugwera kuseri kwa tebulo. Womaliza kuwerenga mukhale inu, ndipo mukawerenga asaugwirenso. Madola mupite nawo atsopano, osang'ambika, makamaka a 100, chifukwa ang'onoang'ono amagulidwa motsika.

Gift: Khadi ya crypto ija ine ndikuonabe kuti ndi yabwino ngati angaipeze. Wa sitolo amalandira rupiah, lamulo silinaphwanyidwe.

Kondwani: Pogula chakudya ndi zinthu zing'onozing'ono ndi yabwinodi. Pa hotela ndi pobwereka galimoto m'pamene imakhumudwitsa. Hotela zambiri zimatsekereza ndalama ya chikole pa khadi tsiku lofika. Pa khadi ya ngongole zimenezi sizimveka kupweteka, koma pa khadi yoikiratu ndalama, chikolecho chimachoka pa ndalama yanu yeniyeni ndipo chimatha kutenga masiku ambiri, nthawi zina mpaka mwezi, kuti chimasulidwe. Ena amaikana kumene khadi yotere. Muwerengenso ma chaji ake onse: wogulitsira crypto, wosinthira ku rupiah, wa pa ATM. Mukawaphatikiza mupeza kuti nthawi zambiri sikutsika mtengo kuposa khadi ya kubanki.

Nangozo: Popeza ndi anthu awiri, kagawidwe kake kangakhale kotere. Makhadi awiri a mabanki osiyana, ngati n'kotheka ina Visa ina Mastercard, ina kwa bambo ina kwa mayi, osati onse m'chikwama chimodzi. Madola a m'manja okwana masiku atatu kapena anayi, ogawananso pawiri, ena atsale m'kabokosi kokhoma ka m'chipinda. Crypto ikhale nkhokwe ya pangozi, ndalama yoti itasowa tchuthi sichiima. Ngati makhadi onse avuta, mumagulitsa USDT pa exchange yanu, ndalama n'kupita ku banki yanu, njira imene munaiyesa kale kunyumba ndi madola 20 ndipo mukudziwa kuti imatenga maola kapena masiku angati.

Mayi nawonso adziwe kutsegula zonsezi. Pa mabanja ambiri mmodzi yekha ndiye amadziwa manambala, ndiye iyeyo akagonekedwa m'chipatala ndi matenda a dengue, mnzake amangoyang'ana foni yokhoma. Khalani pansi madzulo amodzi, mayi alowe okha pa akaunti kuyambira poyamba mpaka pomaliza inu mutapinda manja.

Pa msewu foni isamakhale m'manja mukakwera njinga yamoto, amatsomphola. App ya exchange isakhale patsamba loyamba la foni, ndipo za kuchuluka kwa crypto yanu musakambe ndi anzanu opezana nawo ku gombe.

Bambo Chisale: Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Pa bwalo la ndege pofika pali zolipira zanji, kuti ndikonzeretu?

Mayi Tembo: Viza yogula pofika ndi rupiah 500,000 munthu mmodzi, ya masiku 30, ndipo mukhoza kuiwonjezera kamodzi. Koma si mapasipoti onse amene amaloledwa kugula pofika, ndiye onani mndandanda pa tsamba la ofesi yoona zolowa ndi kutuluka ya Indonesia musanagule matikiti. Ngati dziko lanu palibe, viza mufunsiretu pa intaneti. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuyambira tsiku lofika, ndipo tikiti yobwerera ikhale m'manja. Palinso msonkho wa alendo wa Bali wa rupiah 150,000 munthu mmodzi, umene unayamba pa 14 Febuluwale 2024. Mumalipira pa tsamba la pa intaneti la Love Bali n'kusunga QR yake. Anthu awiri ndiye kuti rupiah 1,300,000 musanatuluke n'komwe panja. Wonyamula ndalama ya m'manja yokwana rupiah 100 miliyoni kapena kuposa amayenera kuinena kwa a kasitomu.

Mukupita mwezi uti?

Bambo Chisale: Tikuganiza za Malichi.

Mayi Tembo: Malichi ndi kumapeto kwa dzinja la kumeneko, mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala, chilimwe chimayamba cha mu Epulo mpaka Okutobala. Koma chachikulu yang'anani tsiku la Nyepi, chaka chatsopano cha Ahindu a ku Bali. Limasintha chaka ndi chaka, kawirikawiri limagwa mu Malichi. Mu 2025 linali pa 29. Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko m'mawa mwake chilumba chonse chimakhala zii. Ndege sizitera, pamsewu sipayenda munthu, alendo satuluka pa mpanda wa hotela, usiku magetsi owala panja saloledwa.

Nangozo: Ndipo intaneti ya pafoni amaithimitsa tsiku limenelo, ma ATM ambiri amatsekedwanso kuyambira dzulo lake. Mutape rupiah kutatsala masiku awiri, ndipo chilichonse chofuna kutumiza kapena kugulitsa pa exchange muthane nacho lisanafike.

Thoko: Wi-Fi ya pa hotela imakhalapo?

Nangozo: M'mahotela akuluakulu kawirikawiri imakhalapo, koma funsani polembetsa chipinda. Ngakhale ikhalepo, za ndalama musachitire pa Wi-Fi ya anthu onse. Dikirani data ibwerere m'mawa mwake.